Njinga ya Pepala ya Achimwene Tuong

4 Malichi

Masiku makumi awiri ndi limodzi chimwalirireni achimwene Tuong. Zotsatira za magazi anga zatuluka. Chomwecho chimene chinadya mapapo a bambo, kenako a achimwene. Cha kumtundu. Fodya sindinamugwirepo. Dokotala, mtsikana wamagalasi aakulu, akuti: "Azakhali, zinthu ziwiri basi. Muziyenda tsiku lililonse, ndipo muzithawa utsi."

Ndafika kunyumba ndapeza alamu Nguyet akuotchera amuna awo nyumba ya pepala, kuti akapeze pokhala kumene apitako. Yansanjika zitatu, ya khonde lofiira. Utsi bwalo lonse.

6 Malichi

Alamu alota. Akuti achimwene akhala pa sitepe yachiwiri ya nyumba ija, ali wefuwefu. Chipinda chogona chili pamwamba penipeni.

"Munthu wafa ndi mapapo, ife n'kumutumizira masitepe. Mitu yathu ikugwira, mlamu?"

Ndinaseka, kenako ndinalira, tiyi n'kuzizira.

7 Malichi

Tinapita kutsidya la mtsinje kwa bambo Khoat, opanga katundu wa akufa. Nsungwi, mapepala, fungo la phala lomatira. Iwo anati tiotche chikepe chowakweza pamwamba. Koma chikepe chimafuna magetsi, magetsi amafuna jenereta, jenereta imafuna munthu woikonza, ndipo onsewo apepala. "Mudzaotcha mudzi wonse, mayi."

Ndinangotchula zimene dokotala anandiuza. Alamu anaomba m'manja. Basi, achimwene alimbitse thupi. Njinga ija yopalasa uli pamodzimodzi, ngati ya kuchipatala.

Bambo Khoat anatiyang'ana nthawi yaitali. Akuti zaka makumi anayi sanapangepo njinga yosapita kulikonse, ndipo malemuwo adzayesa kuti tawatumizira yowonongeka.

11 Malichi

Sindinayende. Dzulonso ayi. Kuchokera pabedi kufika pa shelefu ya mabuku, mapazi asanu ndi anayi. Ndawerenga mabuku atatu okamba za imfa, onse olembedwa ndi anthu opuma bwinobwino.

Zoona zake, ndikuopa. Ndikayenda ndidzamva kamluzu kaja m'chifuwa. Ka achimwene kanayamba ali pa msinkhu wangawu. Ndikakhala chete pampando sikamveka, ndiye ndimakhala chete.

Alamu anandipeza ndi buku pamiyendo. Anangoyang'ana nsapato zanga pakhomo, zafumbi.

14 Malichi

Njinga yatha. Yobiriwira, yaikulu ngati yeniyeni, ili ndi belu losalira. Wanjinga yamoto wakana kuinyamula, akuti mphepo ya pamlatho iing'amba. Alamu akuti bondo likuwapweteka. Anakwera okha n'kundisiya nayo.

Ndinaibereka kumsana. Yopepuka ngati dengu lopanda kanthu. Anthu ankapatuka mwaulemu, sindikudziwa ngati ankapatukira ine kapena mwini wake. Mayi wina wogulitsa maluwa anakuwa kuti: "Agogo, imeneyo amakwera, sabereka!"

Kamluzu kanabwera pakati pa mlatho. Ndinaima, n'kugwira chitsulo. Ndinakamvetsera mpaka kanatopa. Ndinaimanso kawiri. Ndinafika.

Pootcha alamu anandithamangitsira kutsidya kwa msewu, kumene mphepo imachokera. Ndinaona chishalo chikupsa chakumapeto.

16 Malichi

Miyendo ngati si yanga. Ndagona tulo tabwino koyamba chichitikireni maliro.

Alamu alotanso. Njinga yafika, koma achimwene akuyanikapo malaya. Ndi iwo ndithu, sanasinthe. Akuti sangapalase opanda kabudula wawo. Ndinati pali wopanga zapepala pafupi pompa, kuseri kwa msika. Alamu akuti ayi, achimwene anenetsa kuti wa bambo Khoat. Bondo likadali kupweteka.

Ndapita. Ndinaima kawiri.

19 Malichi

Dzana thawulo. Dzulo botolo la madzi. Bambo Khoat ayamba kundisungira kampando. Akuti makasitomala awo akufa ndi ambiri, koma wovuta chonchi sanamuonepo.

22 Malichi

Lero nsapato. Imodzi yokha, yakumanzere. Yakumanja akuti achimwene adzanena mawa.

Ndili kumanga zingwe za nsapato zanga ndakumbukira mawu a achimwene, chaka chatha patebulo, akupuma movutikira koma akuseka: "Mkazi wangayu akagona amakhala ngati thumba la mpunga. Chikwatiraneni sanalotepo ngakhale nkhuku."

Ndinasuzumira kukhitchini. Alamu anali atanjuta pansi akutsuka masamba, mawondo onse awiri atapinda bwinobwino. Atandiona anayamba kusisita lakumanja. Sabata yatha linali lakumanzere.

Ndangowafunsa saizi ya phazi la achimwene, ngakhale ndikuidziwa.

Kunja kukuoneka ngati kugwa mvula. Ambulera ali kuti kodi