Zilembo za Tiyamike Zakwana

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kwa Mavwere kuno tilipo, kungoti bondo langa lakumanzere layamba mwano. Mtedza wachita bwino chaka chino. Mkazi wa Yohane, mdzukulu wanu uja, wachira: mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yomwe ija, pepani.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Tiyamike, mwana woyamba wa Yohane, amene mudamusiya akukwawa. Adaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, n'kubwera kudzakhala pakhomo wopanda ntchito. Bambo wake adapangana ndi mlamu wake kuti mtsikanayu akagulitse mu golosale ku Chipata. Golosale imeneyo ndimaidziwa ine. Kudapita atsikana awiri, onse adabwerako ndi ana kumsana, opanda mwamuna. Ndidakana, koma Yohane masiku ano amandimva ngati wailesi ya kwa aneba.

Ndiye sekondale ina kufupi ndi kwa Kamwendo idalandira makompyuta akale. Amayi, kompyuta ndi bokosi loganiza, pambali pake pamakhala galasi ngati la tivi, amati sikirini. Mabokosi adachokera kwina, masikirini kwina. Akayatsa, zilembo zimatuluka zonenepa, theka litagwera kunja kwa galasi, osawerengeka. Amuna a komiti ya sukulu, Yohane ali momwemo, adagwirizana kuti vuto ndi eriyo. Paja kuno tivi ya ku Zambia timaikoka ndi nsungwi yaitali. Adadula nsungwi, wina kukwera padenga, anzake pansi akukuwa kuti, "Tembenuzirani cha ku Chipata!" Waya wake adasowa pomulowetsa.

Tiyamike adapempha kuti ayeseko. Ahedi adati akakonza, aziphunzitsa ana pomwepo. Yohane adati, "Zikakukanika, Loweruka ukukwera minibasi." Ine ndidamanga chitenje n'kukwera kabaza wa kusukuluko, bondo lidandaule lokha.

Mwanayo adandiuza kuti bokosi likamadzuka limawerenga mzere umodzi wonena muyeso wa zilembo, ndipo muyeso umene udalimo udali wa sikirini ina. Pomwepo ndidakumbuka mukundichepetsera diresi la pakaunjika, singano ili pakamwa, mukuti, "Ima bwino iwe, diresili silikudziwa kuti mwini wake wasintha."

Adandikhazika pa benchi yakumbuyo. "Agogo, maso anu ndiwo oipa kuposa onse muno. Mukawerenga inu, ana onse awerenga." Ndidati zikomo pondinyoza pagulu.

Adasintha nambala pa mzere uja, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Zilembo zidabwera ting'onoting'ono ngati mbewu ya fodya. Ndidati, "Apa ndikuona fumbi." Adasinthanso. Ulendo uno galasi lidangoti bii. Yohane adatsokomola, n'kuyang'ana kumsewu. Ndidaona thukuta pakhosi pa mwanayo. Sadalire. Adatulutsa diski m'chikwama, n'kudzutsira bokosilo pa diskiyo, n'kubwezeretsa mzere uja momwe udalili. Kenako adatembenuza sikirini, kuwerenga zolembedwa kumsana kwake, n'kulemba nambala ina mosafulumira.

Amayi, zilembo zidatsika mwadongosolo ngati mizere ya m'munda wolimidwa ndi chingwe, palibe chogwera kunja. Pansi penipeni padaima liwu limodzi, ndipo ine wa Sitandade 2 ndidaliwerenga mokweza ndili kumbuyo komweko: Naphiri. Akuti bokosi lililonse limafuna dzina, ndiye loyambalo adalitcha dzina lanu. Musakwiye, limadzuka mochedwa kuposa inu, koma likadzuka siliima.

Enawo adawamaliza dzuwa lisanapendeke. Ahedi adamupatsa kiyi wa chipindacho. Yohane adayamba kuuza anzake kuti nzeruzo mwanayu adatengera iye. Ndidamufunsa kuti kodi ziti, za padenga zija? Adapita kukamwa madzi.

Loweruka minibasi ya kumalire idadutsa, Tiyamike ali pakhonde akusita bulauzi ya Lolemba.

Ndatopa dzanja, Amayi. Ndimakukondani monga kale. Ndikulonjeza kuti bola ndili ndi mpweya ndi pakamwa pangapa, mwana ameneyu palibe adzamukweze galimoto imene iye mwini sadaiimitse.

Ndine mwana wanu,
Esitere