Nyumba Yoyezedwa ndi Matayala

Mpondasi,
Mangochi.
17 Juni 1991

Mlongo wanga Zakaria,

Asalaamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Leticia ndi wa ana. Ngati nonse muli bwino, tithokoze Mulungu. Kuno tilipo. Alamu ako a Nassoro akupitabe kunyanja ngakhale mwera wavuta mwezi uno, ndipo mwana wathu Subira chifuwa chija chinamusiya. Ababa nawo thupi lili bwino. Za mtima wawo ndikuuza kumapeto, uyambe wamva zinazi.

Kalata yako inafika. Pepala losalala, zilembo za makina, mpaka ndinayamba ndasamba m'manja ndisanaigwire. Pansi pake panalembedwa kuti Z. Jeffrey. Ndinafunsa alamu ako ngati tili ndi m'bale wa dzina limenelo, iwo nkuti mwina ndi mzungu amene amakulembera makalata. Kaya dzina la Jaffalie linakulemera bwanji kuti ulisiye pa depoti ya basi. Koma imeneyo si nkhani yomwe ndakulembera.

Wati wapeza nyumba kumayadi, ndipo ababa abwere ku Blantyre mwezi wamawa kuti madokotala akawachotse ng'ala m'maso, kenako azikhala nanu konko. Wati nyumbayo ili ndi mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, kapinga ndi mlonda. Wati kuli zii, sikudutsa munthu. Mawu amenewo wawalemba kawiri, ngati ndi chinthu chonyadira. Kumanda nakonso sikudutsa munthu, Zakaria.

Watinso chilichonse chili pafupi. Msika mphindi khumi, chipatala mphindi khumi, kuntchito kwako mphindi khumi. Unangoiwala kulemba kuti ndi mphindi za galimoto ya kampani. Zimenezo ndachita kumva kwa Mwanabibi.

Ukumukumbuka Mwanabibi, mnzanga uja amapita ndi usipa kumsika wa Limbe. Ndinamupatsira chambo chowamba kuti akusiyireni. Wabwera mapazi atatupa. Akuti atatsika basi anayenda ola lathunthu ndi kuposerapo, chitunda chokhachokha, dengu lili pamutu. Msewu wake ulibe poyenda munthu, mbali ino ngalande, mbali inayo mpanda, magalimoto akumudutsa m'nthiti. Anasochera kawiri ndipo panalibe womufunsa njira. Wogulitsa tomato palibe, telala wapakhonde palibe, ngakhale mayi wochokera kuchigayo. Omwe anamulonjera ndi agalu a kuseri kwa mipanda.

Atafika, mlonda anamuimika pageti. Mlamu wanga anatuluka, nkulandira nsombazo ndi zala ziwiri, nkumufunsa ngati akuidziwa njira yobwerera. Madzi akumwa sanamupatse. Umuuze Leticia kuti chambocho ndinawamba ndine, ndipo manja anga ndimasamba.

Asanachoke, Mwanabibi anafunsa mlondayo kuti mzikiti uli kuti. Mkuluyo anaseka. Anati wagwira ntchito m'dera limenelo zaka zisanu ndi chimodzi ndipo azana, mawu oitanira anthu kumapemphero aja, sanaimvepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsono ndikukumbutse za bambo amene ukufuna kuwaika m'nyumba imeneyo, poti zikuoneka kuti sukulu inakuiwalitsa.

Iwe uli pasukulu ku Malindi, ababa ankachoka kwathu kuseri kwa Mandimba wapansi, kudutsa pa Chiponde, kutsika mapiri onse aja, thumba la ufa lili pamutu, kuti mwana wawo asamagone ndi njala. Teremu iliyonse ankatero. Nkhondo itafika pamudzi pathu, iwe unali kale ku Blantyre ukuphunzira kumanga tayi. Ife tinayenda masiku asanu m'tchire, kuopa msewu chifukwa cha mabomba okwirira. Amayi atalephera kuyenda, ababa anawabereka kumbuyo. Phazi lawo lamanzere linabayidwa ndi chitsa, linatukusira, ndipo zala ziwiri anachita kuzidula titafika pa boma pano. Amayi tinawaika m'manda patangotha mwezi. Iwe unafika maliro atatha, nsapato zikuwala, nkugona kumalo ogona alendo chifukwa kwathu kuno kuli udzudzu.

Ndi phazi limenelo, ndi maso amenewo, ababa amayendabe. Ndiwe wamaphunziro, ndiye mwina sukudziwa mmene amayezera mtunda. Amagwira tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija, phazi limodzi mkanda umodzi. Akaimaliza yonse amati ayenda tasibihi imodzi. Kuchoka pakhomo pano kukafika pamzikiti ndi tasibihi ziwiri ndi mikanda khumi. Amadziwa kuti pamkanda wakuti pali muzu wa mango wofunika kuulumpha, pamkanda wakuti pali mayi wokazinga zitumbuwa amene amawapatsa moni m'Chiyao. Kukafika pamene anzawo amasokera maukonde ndi tasibihi zinayi. Kupitirira pamenepo phazi limakana.

Tasibihi zinayi, ndilo dziko lonse lomwe lawatsalira. Koma m'dziko limenelo safuna wowagwira dzanja. Amatuluka kasanu pa tsiku, nkubwera ndi nkhani. Amadziwa yemwe wadwala, yemwe bwato lake labooka, yemwe wamva za abale ake otsala ku Lichinga. Anthu akakangana pa ukonde amawadikira iwo kuti aweruze. Pamenepo ndi a Jaffalie. Kuseri kwa geti lako adzakhala nkhalamba ya m'chipinda chakumbuyo, yodikira kuti wina aibweretsere tiyi.

Wati Lachisanu lililonse uzidzawatengera kumzikiti pagalimoto, ukapeza mpata. Kasanu pa tsiku wakusandutsa kamodzi pa sabata, kamodziko nakonso ukapeza mpata. Masamu a kuofesi amenewo ine sindinawaphunzire.

Ndipo usaganize kuti sindinaone zomwe wabisa m'mizere yomaliza. Wati asabwere ndi bulangeti lotuwa lija analandira ngati othawa nkhondo. Asabwere ndi khadi lolandirira ufa. Anansi akawafunsa, anene kuti kwawo ndi ku Malindi, ndipo asamaponyemo mawu a Chipwitikizi pamaso pa alendo. Pamenepo mpamene ndinamvetsa chifukwa chake unasankha kumene sikudutsa munthu. Kumene anthu amayenda pansi amapatsana moni, amafunsana kwawo, ndipo tsiku lina wina wa ku Mandimba adzaima nkufunsa ngati awa si a Jaffalie. Iwe sumafunira ababa nyumba ayi. Umafuna pobisa bambo ako.

Ndikunena mosabisa, ndikukunyoza, Zakaria. Ndayesa kufuna mawu ena ofatsa koma sindinawapeze.

Koma nanenso ndili ndi langa, ndipo ndilinena kuti usati ndikudziyesa woyera.

Kalata yako itafika ndinakondwa. Ndatopa, mlongo wanga. Zaka zinayi ndikuwatsuka chilonda chosapola, zipinda ziwiri anthu asanu ndi atatu, ana akugona mopingasana. Powawerengera kalatayo ndinalumpha mizere yomaliza ija. Anamvetsera za kapinga ndi za geti. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati azana imamveka pakhomo pakopo. Ine ndinayang'ana pepala lako losalala nkunena kuti eya, walemba kuti mzikiti uli pafupi. Bodza limenelo si lako. Linatuluka m'kamwa mwanga, chifukwa ndinkafuna apite.

Kuyambira tsiku limenelo ababa anasanduka munthu wina. Anayamba kuyenda tasibihi zisanu, kenako zisanu ndi imodzi, ati mzinda ndi waukulu, phazi lizolowere. Ankabwera magazi ali pansanza yomanga chilonda, iwo akuseka. Anatsanzikana ndi anzawo a maukonde. Anachapitsa mkanjo ndi mzuli wawo woyera. Anauza ashehe kuti mwana wawo wa ku Blantyre wawapezera malo pafupi ndi nyumba ya Mulungu, ndipo ashehe anakupempherera pagulu, m'dzina lako lenileni.

Mwanabibi atabwera ndi nkhani yake, sindinathenso kubisa. Lachiwiri lapitali m'mawa ndinakhala pansi pafupi ndi mkeka wawo nkuwauza zonse. Za chitunda, za agalu, za mlonda, za bulangeti, ndi za bodza langa. Ndinawawerengeranso kalata yonse mpaka dzina la pansi lija.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena anena kuti sapita. Ndinkafuna atero. Anayendetsa mikanda m'zala. Kenako anati mwana wavutika kupeza nyumba, si bwino kumuchititsa manyazi pamaso pa akuntchito kwake. Anati apita. Ndiye anandifunsa kuti dzina latsopanolo limatchulidwa bwanji kwenikweni, kuti asakalakwitse pamaso pa anansi ako. Ndinawatchulira. Analibwereza katatu mpaka analikhoza, ine misozi ikutsika.

Tsopano mvera pempho langa. Sindinakupemphepo kanthu chichokereni kuno, ndipo sindikupempha mokondwa.

M'envulopu muno mwapindidwa chingwe cha ukonde. Alamu ako amangapo mfundo 99, chimodzimodzi mikanda ya ababa. Loweruka likubwerali galimoto uisiye. Ima pageti lako lachitsulo, uyambe kuyenda, phazi limodzi mfundo imodzi. Usatambasule miyendo, yenda ngati munthu wa zala zitatu. Ukachimaliza chingwecho kanayi, ima, uyang'ane mbali zonse. Ukapanda kuona mzikiti, kapena msika, kapena munthu mmodzi yekha wokhala pakhonde woti nkumupatsa moni, udziwe kuti nyumbayo si ya ababa.

Ukatero upite ku Ndirande ndi chingwe chomwecho. Kuli a Keti, akulu ake a Mwanabibi, akukudikira. Akuti pafupi ndi kwawo kumapezeka zipinda, azana imachita kukudzutsa, msika uli pomwepo, ndipo anthu akwathu ndi ambiri. Ndikudziwa uyankha kuti kumeneko kuli matope, phokoso ndi akuba. Matope ababa anawaponda oposa amenewo atabereka amayi ako. Phokoso ndilo limawauza pomwe ali, poti maso palibe. Akubawo akawabera chiyani, bulangeti lomwe iwe ukuliopa?

Sindikuti usiye kapinga wako. Khalani komweko inu ndi agalu a anansi anu, muzipuma mpweya wabwino. Ababa okha uwapezere chipinda kumene kumayenda anthu. Ine ndibwera nawo, ndidzakhala nawo mpaka maso atapola ndipo mikanda ya njira yatsopano ataiphunzira. Ana anga adzawasamala alamu ako ndi achemwali awo. Ndatopa, eya, koma ndinanama, ndipo kutopako ndikusenza.

Ngati zimenezo zikukuchititsa manyazi, lemba kalata ina unene kuti nyumba ija yakanika. Ndiwawerengera mzere uliwonse, osalumpha. Kuli bwino akhale kuno osaona koma akuyenda, kusiyana ndi kuwatsegula maso kuti azikaona khoma.

Ndinati ndikuuza za mtima wawo.

Chiyambire Lachiwiri lija ababa sanatuluke panja. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Amakhala m'chipinda chitseko chili chotseka, ndodo yawo anaikankhira kuseri kwa thumba la ufa. Azana ikamveka amatseka zenera nkuswali okha mkati. Lachisanu ndinawayalira mkanjo, iwo nkuti ndiupinde, mwina Lachisanu lina mwana sadzapeza mpata. Anzawo a maukonde anabwera kudzawaona, anandituma kuti ndiwabweze. Mayi wa zitumbuwa uja wafunsa kawiri ngati kwagwa matenda. Sakudwala, ndipo akudya bwinobwino.

Dzulo ndinalowa nkuwafunsa kuti chavuta nchiyani. Anati palibe chavuta, akungophunzira kukhala kwa Zakaria.

Mulungu akusunge ndipo akupatse miyendo Loweruka. Upereke moni kwa mlamu wanga. Ana uwapsompsone m'malo mwanga, uwauzenso dzina la agogo awo, poti mwina sanalimvepo. Yankho lako umupatsire Mwanabibi, abweranso ku Limbe sabata yamawa, koma ulipititse wekha kumsika. Chitunda chako chija sakweranso.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Khadija Jaffalie