Chikhomo Pansi pa Windo la Amayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ine tulo ndasowa.

Aneba athu aja, akalipentala, anatisiya mwezi wathawu. Mwana wawo akugulitsa malowo, ndiye anabweretsa anthu oyeza malire. Achimwene, chikhomo anachikhomera pansi pa windo la Amayi. Akuti pa chikalata cha umwini, chipinda cha Amayicho ndi khitchini zili mbali ya aneba. Amene analemba kalelo analakwitsa.

Ndinathamangira kwa loya. Akuti zoterezi zimakonzeka kukhoti, koma lamulo limapereka zaka zowerengeka kuchokera tsiku limene banja linadziwa za cholakwikacho. Zikadutsa, basi, khoti silimvanso. Atandifunsa kuti tinadziwa liti, ndinati sabata yatha. Koma nthawi yomweyo ndinakumbukira chaka chija munkamanga mpanda, pamene munauza Bambo kuti malire sakugwirizana ndi mapepala. Bambo anangoseka, amvekere, "Mnzangayu timabwerekana ndi malaya omwe, ndiye tikanganirane mzere wa papepala?" Nkhani inathera pomwepo.

Amayi sindinawauze. Pachikhomopo akumayanikapo kansalu kopukutira mbale, akuyesa anakhoma ndi ana posewera.

Loyayo wapempha nambala yanu, akuti mwana woyamba ndiye amadziwa zambiri. Ndamupatsa. Sindikukuuzani choti munene, ndinu mkulu wa mpingo, ndipo bodza simulidziwa. Kungoti chaka cha mpanda chija ndi kale kwambiri, Achimwene. Munthu amaiwala.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira