Nyambo Zanu Zandipundula Chala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu. Kuno ku Njombwa amayi akupezako bwino, chifuwa chija chatsika. Wodwala tsopano ndine, ndipo mwandidwalitsa ndinu.

Tinyambo tachitsulo tonyezimira tija ndinalandira. Munati n'timene alendo a kuntchito kwanu amawedzera nsomba m'mitsinje ya paphiripo, ati nyongolotsi n'zachikale. Loweruka amayi atalakalaka mlamba, ndinapita nato kudamu. Kodi munaiwala kuti madzi akwathu mvula ikagwa amangokhala ngati phala? Mlamba sutsata zonyezimira, umatsata fungo. Ndinaponya n'kukoka, kuponya n'kukoka mpaka dzuwa paliwombo, osakola ngakhale kathemba. Pambali panga a Phiri, atenanti a paesiteti, anavuula milamba inayi ndi nyongolotsi zomwezo. Anandifunsa akuseka, "Aphwanga, mukuwedza kapena mukugulitsa ndolo?"

Kenako kanyamboko kanakodwa m'bango. Nditakoka mwaukali kanafwamphuka, mbedza zake zitatu zija n'kundilowa m'chala chachikulu. Kuchipatala anachita kung'amba. Chala chatupa ngati chinangwa, sindingagwire kanthu, chonsecho fodya wakhwima m'munda, akufunika kuthyola ndi kusoka sabata ino. Masamba am'munsi ayamba kale kuola.

Mlamba umene amayi anadya anachita kutigawira a Phiri omwewo. Manyazi ake!

Zidole musatumizenso. Pemphani tchuthi mudzasoke fodyayu, poti inu zala zonse khumi zili bwinobwino. Mulungu akusungeni, koma Lachisanu ndikuoneni m'chigafa cha fodya.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane