Mtima wa Adadi Sukugunda Monga Ndimakuuzira

Chilomoni, Blantyre
14 Juni 2012

Wokondedwa mlongo wanga Maxon,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu a Tionge. Ine ndi ana tilipo. Ndalemba kalata chifukwa ukaimba foni adadi amakhala pambali panga, makutu ali tcheru.

Ndakhala ndikukunamiza, ndipo zikundiwawa. Ukafunsa za mtima wawo ndimati ukugunda. Anandilamula ndi iwowo, ati si bodza, mtima wa munthu wamoyo umagunda basi.

Koma ukuwadziwa bambo ako. Zaka makumi atatu akuphunzitsa Chingerezi, kuchipatala Chinyanja sachiyankhula. Mu Januwale anauza adokotala kuti akamakwera chitunda chochokera kutchalitchi mtima umachita pounding. Adokotala atafunsa ngati akutanthauza throbbing, anawakonza ngati mwana wa Folomu 2. Ati throbbing ndi ya chala chotupa, pounding ndi ya munthu womenya chitseko mwamphamvu. Tonse tinaseka.

Mwezi watha anatchula mawu ena, fluttering. Adokotala sanaseke.

Mu minibasi ndinawafunsa tanthauzo. Anati mtima wabwino umachita beating, ungauwerenge ngati ng'oma ya kwaya. Wawowu tsopano ukungokupiza ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Atatero anandigwira dzanja n'kunena kuti Maxon ndizimuyankha m'Chinyanja, momwe zonsezi timangoti kugunda, angasiye ntchito yake n'kuthamangira nkhalamba.

Chimene sakudziwa n'chakuti adokotala anandiitanira pambali. Anati mtima wafooka kwambiri, ana amene ali kutali aitanidwe.

Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa. Kutchalitchi anasiya, abambo mfumu amawabweretsera Ukaristia kunyumba. Dzulo ndinawawerengera nyuzi, ndinalakwitsa dala mawu atatu. Ankandiyang'ana, akumva, koma sanandikonze. Ndinatuluka kukalira kuseri kwa bafa.

Maxon, ndili ndi mantha. Ine ndawasamala, sindikudandaula, koma nkhope imene amaifunafuna geti likalira si yanga. Pempha tchuthi kwa abwana ako. Akakana, usankhe wekha, pakuti sindikubisiranso kanthu. Katundu usagule, masikono a ana usavutike nawo. Ungokwera basi.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa a Ignasio amene umakhala nawo. Mulungu akusunge panjira, ndipo akusungire bambo ako mpaka ufike.

Ndine mlongo wako,
Doreen