Mabuleki a Pikapu ya a Chipewa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga amayi akupeza bwanji ndi chifuwa chawo? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikangomva mawu anu ndimanama kuti zonse zili bwino.

Kuno kwayamba kuzizira. Denga la chipinda changa likudontha pakona pomwe ndimaika nsapato, ndipo eni nyumba nyimbo yawo ndi ya mawa. Mnzanga uja tinkakhala limodzi anasamuka, n'kutenga ndi ketulo yomwe. Koma izi n'zazing'ono. Nkhani ndi yakuti ku galaji andiimitsa ntchito, ndipo ndikufuna muimve kwa ine ndemwe, inu amene munandigwiritsa sipanala koyamba.

Pali bambo wina amene amayendetsa pikapu ya kampani yoika magalasi m'mawindo. Timangowatchula kuti a Chipewa, poti chipewa sachivula ngakhale pansi pa galimoto. Ndi munthu wamkulu, wanthabwala, ndipo mvula ikagwa ankanditenga pa siteji kukandisiya ku ntchito. Mwezi watha anabwera nayo pikapuyo akudandaula kuti akaponda mabuleki pamtsetse imavina ngati yamva ng'oma, mpaka magalasi kumbuyo amachita kulira.

Ndinachita monga munandiphunzitsira. Ndinayamba ndi mabawuti a matayala, onse anali omanga. Kenako ndinaitulutsa pa msewu woongoka, a Chipewa ali pambali panga. Ndikuthamanga osaponda buleki inkayenda myaa, ndiye ndinadziwa kuti vuto si matayala. Nditangoponda, chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja, buleki nayo ikundibwezera phazi. Ndinayesa kukoka buleki ya pamanja pang'onopang'ono, osamva kanthu, kusonyeza kuti kumbuyo kunalibe mlandu.

Titaima ndinayandikiza dzanja pa tayala lililonse. Lakutsogolo kumanzere linkatentha ngati mbaula, fungo lopserera lili guu. Nditaikweza pa jeke, tayalalo linkakana kuzungulira. Nditalichotsa ndinapeza disiki, chimbale chija mapadi amachikanikiza, itapsa mpaka kuoneka yobiriwira, komanso itapindika. Padi imodzi inali itatha, inzake ili yonenepa. Kalipa, imene imakankha mapadiwo, inali itauma, ikagwira osasiya. Disikiyo inali itapalidwapo kale, yopyapyala kuposa nambala yolembedwa m'mphepete mwake. Paipi ya mafuta a buleki nayo inali itatupa ndi kutentha, ili ndi timing'alu.

Ndinapita kwa a folomani n'kuwauza kuti pakufunika madisiki atsopano, kalipa ndi paipi, ndipo galimotoyo isatuluke zinthuzi zisanafike. Iwo anati eni ake akuifuna masana omwewo, ndingopala disiki, ndiike mapadi, ndithire girisi basi. Nditalimbikira, anandiyang'ana n'kundifunsa mofatsa kuti kalata imene imandilola kukhala m'dziko muno amasaina ndani. Paja kwa eni kulibe mkuwe.

Achimwene, ndinapala disiki ija. Kunjenjemera kunatheratu. Pa khadi la ntchito ndinalemba kuti mabuleki akonzedwa, ndinasaina dzina langa. A Chipewa ataiyesa pabwalo anaseka, akuti manja anga ndi ofunika kuwaika mu firiji asaonongeke. Ndinali nditaima pa windo lawo, kiyi ndawapatsa ndine. Zinali zongotsegula pakamwa n'kuwauza kuti paipi ija isinthidwe msanga, asatsike nayo mtunda italemedwa. A folomani anali chapafupi, ndiye ndinangomwetulira.

Patapita masiku khumi ndi awiri paipi inaphulika pa mtsetse wa ku mlatho, pikapu itadzaza magalasi. A Chipewa anaikhotetsera ku chipupa pofuna kulewa anthu amene ankadikira basi. Palibe amene anamwalira. Koma a Chipewa awadula mwendo wamanja m'munsi mwa bondo, ndipo nkhope yonse ndi masitichi.

Ndinapita kukawaona ku chipatala Lamlungu. Ndinakonzeka kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. M'malo mwake anauza akazi awo kuti andipatse mpando, n'kumandionetsa kwa odwala anzawo kuti makaniko wawo ndi ameneyu, amene anachiza galimoto yovina. Anati ndisadandaule, chitsulo ndi chitsulo, chimatha osatsanzika. Anafunsanso ngati ndili ndi wonditenga mvula ikagwa. Ndinakhala pamenepo theka la ola malalanje amene ndinawagulira ali pamiyendo, osawaululira za paipi ija. Mpaka lero sakudziwa.

Ku ntchito a folomani akuti sindinawauzepo chilichonse, akanadziwa sakanalola. Amene ankagwira ntchito pafupi nane tsikulo anamva zonse, koma tikakumana amayang'ana pansi. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana. Disiki ija apolisi anaitenga, anaiyeza, ndipo pa khadi pali dzina limodzi lokha. Tsopano abwana ayamba kunena kuti ndinawanamiza polowa ntchito, ndilibe pepala lililonse la umakaniko. Kope la satifiketi yanga limene ndinawapatsa akuti silikupezeka mu ofesi. Andiitana pa 19 mwezi wamawa kuti ndikayankhe pamaso pa akuluakulu a kampani ndi a boma oona za ngozi.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi yakuda ija ili pamwamba pa kabati kuchipinda kwa amayi muli envulopu ya khaki, m'kati mwake muli satifiketi yanga ya ku sukulu ya ntchito zamanja. Chonde munditumizire mwachangu pa adiresi yomweyi. Mukaitenge amayi atapita ku tchalitchi, kuti asayambe kufunsa.

Musaganize kuti ndikuyembekeza zambiri. Ntchito yapita, ndipo kalata yokhalira kuno ipita nayo limodzi. Mwina mudzandiona ndikutsika basi ndi kachikwama, mwinanso sandilola kuchoka msanga. Satifiketiyo ingondichotsera dzina la wabodza. Ikafika patebulo la akuluakulu aja idzawauzanso kuti amene anapala disiki ija anali munthu wodziwa ntchito, amene anaona paipi ndi maso ake. Ndalingalira zimenezi masiku ambiri, komabe tumizani. Ndisanakaime pamaso pa anthu amenewo ndipitanso ku chipatala, a Chipewa akamve kwa ine, asadzamve kwa wapolisi. Sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala. Moni kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse kuyambira wamkulu mpaka wakhanda uja sindinamuonebe. Muzindikumbukira m'mapemphero.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi