Mphini za Amama

Chama Boma
17 Novembala 2024

Okondedwa alongo anga, amake Purity,

Ndikudziwa kuti mudabwa kulandira kalata ya pepala kuchokera kwa munthu amene ali ndi foni m'thumba. Katatu konse mwandiimbira kufunsa za chithunzi cha malemu amama, ndipo katatu konse ndakuuzani kuti netiweki ikuduka. Sinkaduka ayi, ndinkaidula ndine. Nkhaniyi pakamwa ikundikanika, ndiye ndaona kuti ndilembe, ndipatsire a Friday a lole ya mpunga amene anyamuka Lachiwiri kubwera ku Kitwe kwanuko. Kathumba ka mpunga kali ndi kalatayi ndi kanu.

Kuno tili bwino. Mvula yagwa kamodzi kokha, yongowutsa fungo la dothi, kenako dzuwa labwerera ndi ukali wake. Adada kumudzi ku Kambombo ali moyo, kungoti mawondo. Za iwo ndinena pansipa, chifukwa nkhani yake ndi yomweyi.

Mukukumbukira Malichi wa chaka chatha, nditapita ku Chipata kukagula kompyuta yapatebulo yokonzera zithunzi? Laputopu yanga ija inali itatopa, kuti itsegule chithunzi chimodzi cha ukwati ndinkayamba ndapita kukamwa tiyi. Mayi wogulitsa mushopumo anandiuza kuti walanti ya kampani ndi ya chaka chimodzi, koma ndikawonjezera ndalama andipatsa ya zaka zitatu, yoti makinawo akafa okha adzawakonza kapena kundipatsa ena. Ndinakuimbirani ndili pakauntala pomwepo. Munati, "Oscar, amenewo ndi akuba ovala tayi. Chinthu chatsopano chingafe bwanji? Nyamula katundu wako uzipita." Ine ndi mutu wanga wouma uja ndinalipira, pepala lake n'kulipinda bwinobwino, kulisunga m'Baibulo.

Nditangoiyika mu situdiyo yanga kumsika, ndinakwera njinga kupita kwa adada kukapempha chithunzi cha amama chija chinali pakhoma. Mukudziwa kuti chinali chimodzi chokha padziko lonse, poti reji yawo, chitupa cha boma chija chokhala ndi chithunzi, inapita ndi madzi chaka chija mtsinje unalowa m'nyumba. Amama ataima patsogolo pa nkhokwe, atavala yunifolomu ya Umanyano ya azimayi a kutchalitchi, duku loyera, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa. Chinali chitayamba kuchita nkhungu m'mbali. Adada anachigwira kanthawi asanandipatse. Anati, "Uchibweze mmene chilili." Ndinati ndichibweza chokongola kuposa pamenepo.

Chithunzicho chinali chitamatirira ku galasi la felemu. Ndinachijambula kaye ndi kamera chili m'galasi momwemo, n'kuchiika mu kompyuta, chinatuluka bwino kwambiri. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinatenga lezala kuti ndichimatule, poganiza kuti ndine katswiri. Mayo ine! Pepala linabwera m'dzanja langa, nkhope inatsalira pa galasi tizidutswa tokhatokha. Nditayesa kunyowetsa, tizidutswa tonseto tinasungunuka ngati phala. Ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe chatayika, amama ali mu kompyuta. Khadi ya mu kamera ndinaifufuta Loweruka lotsatira, ndili ndi ukwati woti ndijambule.

Manje apa ndi pamene ndikufuna muwerenge muli nokha. Ndinayamba ndi kuchotsa nkhungu ndi mizere ya kukalamba kwa pepala, ntchito yabwinobwino. Kenako dzanja linafika pa masaya, pa mphini zija anawatema ali mtsikana. Ndikanatha kukunamizani kuti ndinaziyesa zokandika za pepala. Ayi, ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinazifufuta imodziimodzi mpaka tsaya linasalala ngati la mwana. Khungu ndinaliyeretsa pang'ono. Nkhokwe ndinaichotsa, n'kuikapo katani la buluu ndi maluwa.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndili ku sekondale yogonera komweko, amama anabwera tsiku lina wapansi kuchokera ku Kambombo, atasenza chiwaya cha mtedza wokazinga. Anzanga, ana a ogwira ntchito m'boma ochokera m'matauni, anayamba kuseka. Wina anati, "Mayi uyu anamenyana ndi kambuku?" Atandifunsa kuti ndi ndani, ndinati ndi mayi wina wa kwathu amene amandibweretsera katundu. Amama anali pafupi, ngati apa ndi pakhomo. Sindikudziwa ngati anamva. Mtedzawo ndinadya ndi anzanga omwewo. Ndinkaganiza kuti zimenezo zinathera ku ubwana, koma taonani, bambo wa ndevu ndi ana awiri, ndawakananso kachiwiri ndi mausi ya kompyuta m'dzanja.

Chithunzi chokonzedwacho ndinachipulinta chachikulu n'kuchipachika mu situdiyo. Chinandibweretsera makasitomala, sindikana, aliyense kubwera ndi chithunzi chakale cha agogo ake kuti ndimukonzere chimodzimodzi. Aphunzitsi ena obwera kuchokera ku Lusaka anafunsa kuti, "Amayi anu anali a nesi?" Ine ndinangoseka. Adada akafunsa chithunzi chawo ndinkati ndikadakonza, ntchito yake ndi yosafuna kuthamanga. Chaka chonse chinatha choncho, n'kulowa china.

Mwezi wathawu, ndi kutentha kwa Okutobala kwa kuno mukukudziwa kuja, kompyuta inangozima ndili pakati pa ntchito. Phi! Osayakanso. A Eugene, okonza mafoni ndi mawailesi pafupi ndi situdiyo yanga, anabwera kudzaona. Anati, "Musanapite nayo kulikonse, lekani nditsegule ndichotse disiki, tikopere zonse zili mkatimo. Ndi ntchito ya mphindi khumi." Sikuludiraiva inali kale m'dzanja lawo. Koma kumbuyo kwa kompyutayo kunali kasitika kolembedwa kuti kakang'ambika walanti yatha. Ndinawakalipira ngati agwira mkazi wanga. "Musakhudze kasitika ako! Mukufuna mundiphere walanti? Zonse ndili nazo pa fulashi." A Eugene anangobweza sikuludiraiva m'thumba n'kubwerera ku benchi lawo.

Ndinainyamula pamiyendo m'basi, kudutsa Lundazi mpaka Chipata. Kushopu sanavute ngakhale pang'ono. Anayesa, anati yafa yokha mkati, anandipatsa pepala ndisaine, n'kunditulutsira yatsopano m'katoni, yamphamvu kuposa yoyamba ija. Munamva nokha mmene ndinakuimbirani tsiku limenelo, chifuwa chili patsogolo. "Mwaona, alongo? Akuba ovala tayi aja andipatsa yatsopano!" Munaseka, munati pamenepo ndakugonjetsani. Ndipo ndi pa foni yomweyo pamene munati Purity akufuna chithunzi cha agogo ake pa ukwati wake wa Disembala, poti anabadwa iwo atamwalira kale, ndipo aliyense amamuuza kuti anatengera nkhope yawo. Ndinati musadandaule, mawa lomwe ndikutumizirani.

Nditafika kuno ndinalowetsa fulashi. Maukwati a anthu onse analimo, zithunzi za ana a giredi seveni, za mapasipoti, zonse zimene zimandidyetsa ndinkazikopa Loweruka lililonse mosaphonya. Cha amama chinalimo chimodzi, cha katani la buluu chija. Choyambirira, cha nkhokwe ndi mphini, sindinachikopepo. Ndinali ndisanachitsegulenso chichikonzereni.

Ndaimba kushopu mpaka mayi uja wandiloweza mawu. Sanandinyoze. Anandiwerengera mzere wa pa pepala limene ndinasaina osawerenga, woti zosungidwa mkati ndi udindo wa mwini wake. Anayesanso kundifunsira ku Lusaka kumene amatumiza makina akufa. Yankho linabwera sabata yatha, loti madisiki onse amawafufuta akangofika, kuteteza zinsinsi za makasitomala. Iwo sanalakwe chilichonse. Ndiye mukandifunsa ngati walanti ija inandipindulira, inde, inapindula, kompyuta yatsopano ndi iyi ili patsogolo panga. Koma ndikanamvera inu tsiku lija, bwenzi kulibe kasitika koti ndikaope, bwenzi a Eugene atatsegula, bwenzi amama alipo.

Lamulungu lapitali ndinalimba mtima, ndinachotsa chithunzi chija pakhoma la situdiyo n'kupita nacho ku Kambombo. Ndinawapeza adada pansi pa mtengo wa mango atachoka kutchalitchi, akuika mpini ku khasu. Anapukuta manja pa buluku, anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchibweretsa pafupi, kuchitalikitsa.

"Mayi wokongola," anatero. "Ngwa kuti?"

Ndinagwada pomwepo n'kufotokoza zonse, za lezala, za kasitika, zonse. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayendetsa chala chachikulu pa tsaya la chithunzicho. Anati, "Ine ndinayamba kuona mphini ndisanamve dzina lake. Kuchitsime kunali atsikana asanu." Kenako anandibwezera. "Pita nacho. M'nyumba mwanga simulowa mkazi wachilendo."

Ndinati mphinizo ndikhoza kuzibwezeretsa, kompyuta imatha kujambula chilichonse, angondiuza kuti zinali zingati ndipo zinali pati. Anandiyang'ana, alongo, ndipo kuyang'ana kumeneko sindikufuna ndidzakuonenso. "Iwe unayamwa zaka ziwiri ukuyang'ana nkhope imeneyo. Lero ukufunsa ine?" Anatola khasu lawo n'kupitiriza ntchito. Ndinakhalabe mpaka dzuwa litapendeka, sanalankhulenso za chithunzi.

Sabata yonseyi ndakhala ndikuyesa. Ndaika zitatu tsaya lililonse, sakhala iwo. Ndaika zinayi zopendekera, akhala amayi a munthu wina. Ndikatsinzina ndimaona duku, ndimamva mawu awo akuitana nkhuku, koma masaya sakubwera. Kodi panalinso ina pamphumi, pakati pa nsidze? Sindikudziwa. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, wojambula nkhope za anthu a boma lonse la Chama, sindikudziwa. Manyazi ake akundikanika kusenza.

Mu envulopu muno mupeza chithunzicho ndachipulinta pa pepala wamba, katani ndachotsa, khungu ndabwezera mmene ndikukumbukira. Inu ndinu amene munkawaluka tsitsi, ndinu amene munawasambitsa kuchipatala masiku otsiriza aja. Ndikupempha mutenge bolopeni mulembe pamene mphinizo zinali, kutalika kwake ndi kumene zinkapendekera, mupatsire a Friday pobwerera. Ngati nanunso simukukumbuka bwino, chonde musaganizire pofuna kundimvera chisoni. Bwezani pepalalo lopanda kanthu, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Amake ana kuno akupereka moni, iwonso ndawauza dzulo. Purity mumuuze zoona zokhazokha, kuti agogo ake anali ndi mphini, anali okongola nazo, ndipo amene anazichotsa ndi amalume ake. Akafuna kuti ndidzajambulebe ukwati wake ndidzabwera, akakana sindidzadandaula. Adada sanandipatse moni woti ndikupatsireni, koma ndikudziwa kuti inu mukawaimbira adzayankha. Muwaimbire, ali okha.

Ndine mlongo wanu,
Oscar